Maina a Mitengo Yathu ndi Mbiri Imene Adasenza

Mai wa ku Biwi kapena wa ku Kawale akamauza mwana wake kuti, "Kayale mphasa patsinde pa malaina," sadziŵa kuti watchula dzina la munthu. Munthuyo adali Johann Georg Gmelin, Mjeremani amene adafufuza zomera za ku Siberia, namwalira m'chaka cha 1755 asadapondepo mu Afrika. Mtengowo kwao ndi ku India ndi maiko oyandikana nako, ndipo m'mabuku umalembedwa kuti Gmelina arborea. Lilime lathu lidaona kulemera kwa dzinalo, nkulifeŵetsa kuti likhale malaina. Chimodzimodzinso bulugama, mlendo wa ku Australia: tidamlandira, nkumtchula monga mwa kamwa lathu.

Mwambo wopatsa chomera chilichonse maina aŵiri a Chilatini udakhazikika mu 1753, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden adatulutsa buku lake lotchedwa Species Plantarum. Dzina loyamba lili ngati mfunda, lachiŵiri ngati dzina la mwini wake. Nzeru imeneyi njabwino, pakuti mtengo umene Mcheŵa amati mlambe, Myao amati mlonje, Mswahili amati mbuyu. Ndipo masuku athu abale a ku Zimbabwe amati mazhanje. Popanda dzina limodzi lomveka ponseponse, anthu akadamatsutsana pamene akunena mtengo umodzi.

Koma tiyeni tione amene akukumbukiridwa m'mainamo. Mlambe ndi Adansonia digitata, polemekeza Michel Adanson wa ku France amene adauona ku Senegal. Msuku ndi Uapaca kirkiana, chifukwa cha John Kirk, dotolo amene adafika ku nyanja yathu pamodzi ndi David Livingstone mu 1859. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje udalembedwa mu 1894 kuti Widdringtonia whytei, pokumbukira Alexander Whyte. Nanga makolo aja amene ankasenza akatundu, kuloza mitengo, ndi kufotokoza ntchito zake? Chikumbutso chao sichili m'Chilatini ai, chili m'maina amene adatisiyira.

Ndipo maina amenewo ngolimba. Akatswiri adayamba atcha msangu Acacia albida, lero akuti Faidherbia albida. Koma kwa mlimi udakali msangu womwewo, umene umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja kuti chimanga chikondwe patsinde pake. Dzinalo limayenda ndi nzeru yake. Nchifukwa chake Jessie Williamson mu 1955 ndi Blodwen Binns mu 1972 adasonkhanitsa maina a m'zinenero zathu m'mabuku, naŵaika pambali pa a Chilatini.

Buku limasunga dzina, koma silingamgwire mwana padzanja nkumuonetsa khungwa ndi tsamba. Mwana wobadwira ku Chinsapo kapena ku Mgona amamva za Maula kaŵirikaŵiri, koma kodi adalaŵapo chipatso cha muula? Wa ku Area 25 amatumidwa ku msika wa Nsungwi. Kodi amadziŵa kuti lichero la amake nla nsungwi? Dzina likaiŵalika, mtengo umasanduka nkhuni chabe, ndipo nkhuni palibe amene amazimvera chisoni.

Inu makolo, agogo akabwera kudzacheza m'tauni muno, musaŵasiye pakhonde okha. Atumizireni adzukulu ao akafunse maina a mitengo, a ndiwo ndi a mankhwala. Paja akulu adati safunsa adadya phula.