Mpando Woyamba: Manda a Atumwi kapena Mzinda wa Mfumu?

Pokangana za mpingo umene uli patsogolo, ambiri amaganiza kuti wakale ndiye wamkulu. Mbiri sikutero. Mpingo unayambira ku Yerusalemu, koma msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325 unavomereza ulamuliro wapadera wa Roma, Alexandria ndi Antioch. Episkopi wa ku Yerusalemu anangopatsidwa ulemu, nakhalabe pansi pa wa ku Caesarea.

Zinthu zinasintha Mfumu Constantine atatsegula likulu latsopano, Constantinople, mu 330. Msonkhano wa mu 381 unaika episkopi wa mzindawo pamalo achiwiri, poti unali Roma Watsopano. Mu 451, ku Chalcedon, lamulo la 28 linawonjezera kuti ngakhale Roma wakale analandira ulemu wake chifukwa unali mzinda wa mfumu.

Papa Leo Woyamba anavomereza chiphunzitso cha msonkhanowo koma anakana lamuloli. Kwa iye, ukulu wa Roma sunachokere kunyumba yachifumu koma kwa Petro, amene anakhetsa mwazi wake mumzindawo monganso Paulo. Akum'mawa ankaona kuti dongosolo la Mpingo liyenera kutsata dongosolo la ufumu.

Apa ndi pamene panagona nkhani, ndipo kusiyanaku kunathandizira kugawikana kwa mu 1054. Mu 1965, Papa Paul VI ndi Athenagoras wa ku Constantinople anafafaniza matemberero a chaka chimenecho, komabe funso la udindo wa Papa likadalekanitsa Akatolika ndi a Orthodox. Tisanatsutse abale athuwa, tiyambe tamvetsa chimene makolo ankakanganirana.