Mzere wa Pakhoma

Ntchito ya mawaya a galimoto ndinaiyambira ku Ndirande ndili ndi zaka 17, pansi pa mtengo wa mango pomwe malume anga ankakonzerapo ma Peugeot 504 ndi ma Datsun. Madzulo ena, dzuwa litangobisala kuseri kwa Michiru, anaimika galimoto moyang'ana khoma la nyumba, mamita 10 kuchoka pakhomapo, n'kuyatsa nyali pa dimu.

"Ukuuona mzerewo, mphwanga?"

Kuwala kunathera pakhomapo ngati kwachita kudulidwa ndi mpeni: m'munsi mbee, m'mwamba bii, chakumanzere kutakwera pang'ono.

"M'munsimo ndi mwa mwini galimoto. M'mwambamo ndi mwa mnzake amene akubwera kutsogoloyo. Usadzamubere."

Zinanditengera zaka zambiri kuti ndidziwe kuti mzere umenewo uli ndi mbiri. Galimoto zoyambirira zinkayendera nyali za gasi. Madzi ankadonthera pa miyala ya carbide, gasiyo n'kutuluka, dalaivala n'kutsika kukayatsa ndi machesi. Mu 1912 kampani ya Cadillac ku America inatulutsa galimoto yolizira ndi kuunikira magetsi a batire. Kuwala kutangochuluka, vuto lina linabadwa: madalaivala anayamba kuthobwana m'maso. Yankho lake linali babu ya Bilux ya m'zaka za m'ma 1920, yokhala ndi timawaya tiwiri toyaka m'babu imodzi, kena kounikira patali, kena kogwetsa kuwala pansi. Fulu ndi dimu zathuzi zinachokera pamenepo.

Mababu a halogen anafika ku Ulaya mu 1962, ndipo H4, imene mpaka lero ili m'maminibasi ambiri a Hiace, inatsatira mu 1971. Mukaitenga m'manja n'kuiyang'anitsitsa, mudzaona kambale kakang'ono kachitsulo pansi pa kawaya ka dimu. Ntchito ya kambaleko ndi kutchinga kuwala kuti kusagunde m'munsi mwa mbale yonyezimira ya nyali, chifukwa kukagunda m'munsimo kumanjanjira m'mwamba, m'maso mwa anthu. Mbale yonseyo anaiumba poyerekeza ndi malo enieni pamene kawayako kakhala. Kakasuntha ngakhale milimita imodzi, mzere uja umasokonekera.

Mu 1991 BMW inabweretsa nyali za xenon, ndipo mu 2007 Lexus LS 600h inatuluka ndi za LED. Babu ya xenon ya mawati 35 imatulutsa ma lumen pafupifupi 3,200, pomwe dimu ya H4 imangokwana 1,000. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya anati nyali yoposa ma lumen 2,000 izikhala ndi chotsukira galasi lake komanso makina oiweramitsa yokha galimoto ikalemedwa kumbuyo. Mphamvu ikakula, chingwe chomangira nacho chinkakula.

Kwathu kuno zinthu zinasintha pambuyo pa 1994, galimoto zogwirapo kale ntchito ku Japan zitayamba kukhamukira m'dziko muno, zambiri kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Pa mbali ya nyali tinachita mwayi. Ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, choncho kuwala kwa dimu kumakwerera kumbali ya msewu, komwe kuli oyenda pansi ndi akabaza. Koma nyalizo n'zapulasitiki. Dzuwa lathu ndi fumbi zikazipsereza zaka zingapo, zimachita chikasu ngati ng'ala. Mwini wake akayenda usiku mu M1 osaona mbuzi kapena njinga yopanda nyali, m'mawa amalawirira kugalaja: "Amakaniko, ndiikireni zoyera zija."

Sindingamunyoze munthu wotero. Misewu yathu yambiri ilibe magetsi, ndipo m'mphepete mwake mumayenda anthu usiku wonse. Komanso ndisabise: zoyera zija ndaziika ndi manja angawa, kambirimbiri. Zinkabwera m'timabokosi tonyezimira, poyamba za xenon, kenako za LED zokhala ndi kafani kumbuyo. Ntchito ya mphindi 20, ndalama m'thumba. Pakhoma sindinkayesanso, poti ndinkadziwa chimene ndikadaona. Timagetsi ta LED timawala kuchokera m'mbali ziwiri zathyathyathya, osati mozungulira ngati kawaya, ndiye m'mbale youmbidwira halogen kuwalako kumangomwazika. Pafupi ndi bampala pamawala kwambiri, dalaivala n'kumati waona bwino, chonsecho patali paja, pomwe pamafunika, pachepa.

Chimene chinanditembenuza ndi ulendo wa kumaliro. Tinkapita ku Ntcheu usiku, ine ndikuwongolera kapikapu ka mlamu wanga, amayi asanu ali kumbuyo ndi mitolo ya nkhuni. Titadutsa Zalewa kunatulukira minibasi, nyali zake zoyera mobiriwira. Ndinamuphethirira dalaivala wake kuti achepetse. Iye anandiyankha ndi fulu, kusonyeza kuti zimene zinkandithobwazo inali dimu. Kwa kanthawi sindinaone kanthu. Nditaponda buleki, galasi lakumanzere linakwapula thumba la makala lomwe linali panjinga. Mwini njingayo anagwera m'udzu, n'kudzuka akutukwana, atasupuka chigongono. Minibasiyo sindinaidziwe, koma mababu akewo ndinawadziwa. Bokosi lake lenileni linali m'kabati ya kugalaja kwanga.

Ku Britain, kuyambira mu 2021, galimoto ya nyali za halogen imene aiika mababu a xenon kapena LED imalephera mayeso a MOT, omwe ali ngati COF yathu, kupatula zakale zedi. Kuno tili ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo nyali ndi zina mwa zimene zimaonedwa galimoto isanalandire COF. Koma ndaonapo anthu akubwezera mababu akale m'mawa wa tsiku la COF, madzulo n'kuikanso zoyera zawo. Ena amaika halogen ya mawati 100 pa waya wopangidwira 55, soketi n'kusungunuka, fungo la pulasitiki n'kudzaza m'galimoto. Ndipo mu nkhungu ya ku Dedza kapena ku Chikangawa, kuwala komwazikira m'mwambako kumabwerera m'maso mwa mwini wake yemwe.

Masiku ano wobwera kudzafuna zoyera ndimayamba ndamupukutira pulasitiki ija ndi sandipepala wa m'madzi mpaka iwale. Ndimatsuka waya wa ethi, n'kuika rile kuti babu izilandira magetsi okwanira. Ofunitsitsa LED ndimawauza agule nyali yonse yopangidwira LED, osati babu yokha. Ambiri amachoka atanyinyirika, ena amakaikitsa kwa mnzanga wa tsidya la msewu.

Amene atsala ndimawadikiritsa mpaka mdima ugwe. Pakhoma la galaja ndinalembapo mzere ndi choko. Timayeza mamita 10, ndimatembenuza sikuluu mpaka kuwala kutsike masentimita 10 kuchoka pa msinkhu wa nyali. Sabata yatha mdzukulu wanga, amene wayamba kugwira sipanala, anandifunsa chifukwa chake timasiya m'mwambamo muli mdima pomwe babu ili ndi mphamvu. Ndinamutuma akaime pakhomapo, ayang'ane galimoto, ine n'kuyatsa fulu. Anabwerako akutikita m'maso, ndipo sanafunsenso.