KUVULALA UBONGO NDI VUTO LA KUIWALA: ZOFUNIKA KUZIDZIWA KU KAFUE

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, pa msewu waukulu umene malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone amadutsa usana ndi usiku. Ngozi za pamsewu ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimavulaza ubongo, ndipo munthu akhoza kupola mabala onse akunja koma n'kutsala ndi vuto la kuiwala.

Mutu ukamenyeka mwamphamvu, ubongo umagundana ndi chigaza, umatupa kapena kukha magazi mkati. Mbali yotchedwa hippocampus, imene imathandiza kusunga zinthu zatsopano, imawonongeka msanga makamaka ikasowa mpweya. N'chifukwa chake wovulala amatha kukumbukira bwino za ubwana wake, koma n'kuiwala amene wamuchezera m'mawa. Ambiri sakumbukira ngoziyo ngakhale pang'ono. Ena amene avulala mbali ya kutsogolo kwa ubongo amavutika kutchera khutu, choncho zimene auzidwa sizikhazikika.

Madokotala anaphunzira zambiri pa Henry Molaison wa ku America. M'chaka cha 1953 anamuchotsa mbali yaikulu ya hippocampus pofuna kuchiza khunyu, ndipo mpaka imfa yake mu 2008 ankalephera kusunga zochitika zatsopano.

Sitiroko, kumwa mowa mopitirira kwa zaka zambiri, ndi malungo olowa ku ubongo zimabweretsanso vutoli. Ana ena amene achira ku malungo oterewa amatsalira m'maphunziro.

Munthu amene wamenyeka mutu apite naye kuchipatala cha Kafue General mosachedwa ngati wakomoka, akusanza mobwerezabwereza, akusinza kwambiri, akugwa ngati wa khunyu, kapena akutuluka magazi kapena madzi m'khutu. Odwala ofunika opaleshoni ya ubongo amatumizidwa ku UTH ku Lusaka.

Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi yoyambirira, ngakhale kuti kumapitirira pang'onopang'ono pambuyo pake. Achibale angathandize pomulembera zofunika m'kabuku, kumuikira alamu pa foni ya nthawi yomwa mankhwala, ndi kusasinthasintha malo oika zinthu. Kumukalipira sikubweza chikumbukiro, chifukwa sachitira dala.

Lamba wa m'galimoto ndi chisoti cha pa njinga yamoto zimachepetsa kwambiri kuvulala kotere.