Maseneta a ku America Atayamba Kufunsa Zigawenga Poyera

Komiti ya aphungu ilibe ndende. Mphamvu yake ndi kuitana munthu, kumulumbiritsa, n'kumupanikiza ndi mafunso dziko lonse likumvetsera. Ku America mphamvu imeneyi inaoneka bwino kuyambira mu 1950, pamene seneta Estes Kefauver wa ku Tennessee anazungulira mizinda 14 kufufuza magulu a zigawenga olemera ndi juga. Pofika ku New York mu Malichi 1951, zonse zinkaulutsidwa pa TV. Frank Costello, mkulu wa zigawenga, anakana kuti nkhope yake ioneke, ndiye kamera inangoloza manja ake: zala zikufinya kampango, kenako zikugwira tambula ya madzi. Anthu mamiliyoni anaonerera manjawo, koma malamulo ambiri amene komitiyo inapempha anafera m'mazira.

Imene inaluma kwenikweni ndi komiti ya seneta John McClellan, kuyambira 1957, loya wake wamkulu ali Robert Kennedy. Iyi inalowa m'mabungwe a anthu apantchito, makamaka Teamsters, bungwe la madalaivala a malole. Mtsogoleri wake, Dave Beck, atafunsidwa za ndalama za mamembala zimene anadya, anabisala kuseri kwa lamulo lolola munthu kukana funso lomwe lingamukole, ndipo anakana maulendo 117. Womulowa m'malo, Jimmy Hoffa, ankangoti sakukumbukira. Chaka chisanathe, mgwirizano wa mabungwe wa AFL-CIO unachotsa Teamsters, ndipo mu 1959 lamulo la Landrum-Griffin linalamula mabungwe kuchita zisankho nthawi ndi nthawi ndi kuonetsa kuboma mmene ndalama zayendera. Chokhumudwitsa n'chakuti chiphuphu chimafuna manja awiri, koma eni makampani amene ankagula atsogoleri kuti malipiro asakwere sanatuluke thukuta ngati anzawowo.

Mu 1963 McClellan anabweretsa Joseph Valachi, chigawenga chochokera m'ndende, yemwe anaulula poyera za gulu la zigawenga la Cosa Nostra, malumbiro ake ndi maudindo ake. Lamulo la RICO, lolola boma kuzenga mlandu gulu lonse osati wogwidwa yekha, linabwera mu 1970. Hoffa analowa m'ndende mu 1967, natuluka, n'kusowa mu 1975. Boma litasumira Teamsters pogwiritsa ntchito RICO, mu 1989 bungwelo linavomera kuyang'aniridwa ndi khoti, ndipo mu 1991 madalaivala wamba anasankha okha mtsogoleri wawo koyamba.