Emperor Penguin: mbalame imene imaswera pa madzi oundana ku Antarctica

Pa mitundu yonse ya mbalame zochedwa penguin, Emperor Penguin ndiyo yaikulu koposa, ndipo ndiyo yokha imene imaikira mazira pakati peni-peni pa nyengo yozizira ya ku Antarctica. Mbalameyi simanga cisa. Magulu ake ambiri amaswera pamwamba pa madzi a m'nyanja amene aundana ndi kumamatira ku gombe. Kuti anapiye akule, madzi oundanawo afunika kukhala olimba kuyambira mwezi wa Epulo kufikira Disembala. Kucokera mu 2016, m'madera ena madziwo akhala akusweka nthawi isanakwane, ndipo anapiye zikwi-zikwi afa.

Kumene ipezeka

Antarctica ndi dziko lalikulu limene lili kumapeto kweni-kweni kwa dziko lapansi ca kum'mwera. Kukula kwake kuposa maiko 18 olingana ndi Zambia kuwaika pamodzi, ndipo pafupi-fupi lonse linakwiririka ndi madzi oundana. Kulibe mtundu wa anthu umene kwao ndi kumeneko. Amene amakhalako ndi asayansi ndi anchito owathandiza. Pa 21 Julayi 1983, pa malo a kafukufuku ochedwa Vostok, kunazizira kufika madigiri 89.2 pansi pa ziro.

Popeza Antarctica ndi Zambia onse ali kum'mwera kwa dziko lapansi, nyengo yao yozizira imabwera pa miyezi yofanana. Mu Juni ndi Julayi, pamene anthu ku Lusaka ndi ku Chipata akuotha mbaula, m'madera ambiri a Antarctica dzuwa limatha masabata kapena miyezi osatuluka. Zimbalangondo zoyera zimene ambiri amaziona pa wailesi ya kanema sizipezeka kumeneku. Izo kwao ndi ku Arctic, kumapeto a dziko ca kumpoto, kumene kulibe penguin.

Maonekedwe ndi zakudya

Emperor Penguin yaikulu imatalika mita imodzi ndi pang'ono, ndipo ikanenepa imalemera makilogalamu 40. Msana ndi mutu ndi zakuda, pamimba ndi poyera, ndipo m'mbali mwa khosi muli mawanga acikasu. Siuluka. Mapiko ake ndi afupi ndi olimba, ndipo imapalasira madzi. Pamtunda imayenda codzandira, kapena imagona camimba ndi kumatsetsereka.

M'madzi ndimo muli mphamvu zake. Asayansi anayezapo imodzi imene inamira kufika mamita 564, ndipo ina inakhala pansi pa madzi mphindi zopitirira 30 osapuma. Imadya nsomba, nyama zofewa za m'nyanja ndi tinyama tating'ono tonga nkhanu tochedwa krill. Adani ake m'madzi ndi anamgumi a mtundu wa orca ndi nyama yolusa yochedwa leopard seal.

Mmene imaswera

Mu Malichi ndi Epulo mbalamezi zimacoka kunyanja ndi kuyenda pa madzi oundana, kawiri-kawiri makilomita 50 kapena kuposerapo, kupita ku malo kumene zimaswera caka ndi caka. Mu Meyi kapena Juni yaikazi imaikira dzira limodzi cabe. Imalipereka kwa yaimuna mosamala kwambiri, cifukwa dzira likakhala pa madzi oundana kwa mphindi zocepa, mwanapiye amafera momwemo. Ikatero yaikazi imabwerera kunyanja kukadya.

Yaimuna imanyamula dziralo pamwamba pa mapazi ake, ndi kulifunditsa ndi cikopa cofunda ca kunsi kwa mimba. Imalifungatira masiku pafupi-fupi 65, mu mdima, kuzizira kukufika madigiri 40 pansi pa ziro ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 100 pa ola. Kuti zisafe, zazimuna zimaunjikana mazana kapena zikwi pamalo amodzi. Gululo limasuntha pang'ono-pang'ono, kotero kuti zimene zinali kunja zimalowa mkati mofunda, ndipo zamkati zimatulukira kunja. Kuwerengera kuyambira pamene inacoka kunyanja, yaimuna imakhala miyezi inai osadya kanthu, ndipo thupi lake limatsika pafupi-fupi ndi theka.

Mazira amaswa mu Julayi ndi Ogasiti. Ngati yaikazi yacedwa, yaimuna imadyetsa mwanapiye madzi onga mkaka ocokera kukhosi kwake kwa masiku ocepa. Yaikazi ikafika imazindikira inzake pakati pa zikwi za mbalame pomvera kulira kwake. Kuyambira pamenepo ziwirizo zimasinthana, ina kusunga mwana, ina kukasaka cakudya.

Mwanapiye amakhala ndi nthenga zotuwa, zofewa ngati thonje, zimene zimalowa madzi. Nthenga zosalowa madzi zimamera mu Disembala ndi Janyuwale. Madzi oundana akasweka nthawi imeneyi isanafike, anapiye amamira, ndipo amene akwanitsa kutuluka m'madzi amafa ndi kuzizira.

Ciopsezo

Malo ambiri oswerako ndi ovuta kufikako, conco asayansi amawapeza ndi zithunzi za setilaiti. Zitosi za mbalamezi zimadetsa madzi oundana, ndipo mawangawo amaoneka kucokera mumlengalenga. Pofika mu 2024 magulu odziwika anali 66.

Zithunzi zomwezo ndizo zinaonetsa vuto. Ku Halley Bay, kumene kunali gulu laciwiri pa kukula, pafupi-fupi anapiye onse anafa mu 2016, 2017 ndi 2018, madzi oundana atasweka msanga. Mbalame zambiri zinasamukira ku gulu lina lapafupi, la ku Dawson-Lambton. Kumapeto kwa 2022, m'dera la nyanja ya Bellingshausen, magulu anai mwa asanu analephera kukulitsa anapiye. Izi zinalengezedwa mu 2023 ndi akatswiri a bungwe la British Antarctic Survey. Mu Febuluwale caka comweco ca 2023, madzi oundana ozungulira Antarctica anacepa kuposa caka cina ciliconse ca m'mbuyo kucokera mu 1979, pamene setilaiti inayamba kuwayeza mosalekeza.

Asayansi amanena kuti kutentha kwa mpweya ndi madzi a m'nyanja, kumene kukukwera kamba ka utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, ndiko kudzacepetsa madzi oundana m'zaka zikubwerazi. Kafukufuku wa mu 2021 anaonetsa kuti ngati utsiwo sucepetsedwa, magulu 98 pa 100 alionse adzakhala atatsala pang'ono kutheratu pofika mu 2100. Mu Okutobala 2022 boma la United States linaika mbalameyi pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa ciopsezo. Palinso nkhawa ya cimfine ca mbalame ca H5N1, cimene cinapezeka pa dziko la Antarctica mu Febuluwale 2024.

Ulendo wokaziona

Kale, kuona mbalamezi zikufungatira mazira kunali kuika moyo paciswe. Mu 1911 amuna atatu a ku Britain, Edward Wilson, Henry Bowers ndi Apsley Cherry-Garrard, anayenda masabata asanu mu mdima, akukoka katundu wao, kupita ku Cape Crozier ndi kubwerako. Anabweretsa mazira atatu, amene anakaperekedwa ku nyumba yosungira zinthu zacilengedwe ku London. Wilson ndi Bowers anafa caka cotsatira pamodzi ndi Robert Scott, akubwerera kucokera ku South Pole.

Masiku ano alendo amapitako kuyambira Novembala kufikira Malichi, pamene kuzizira kumacepako ndipo dzuwa limawala pafupi-fupi usana ndi usiku. Ambiri amakwera combo ku Ushuaia m'dziko la Argentina, ndipo amatha masiku awiri akuoloka nyanja ya mafunde aakulu yochedwa Drake Passage. M'nyengo ya 2022 mpaka 2023 alendo anapitirira 100,000. Ambiri a iwo amaona mitundu ina ya penguin, monga Gentoo ndi Adelie. Oona Emperor Penguin ndi ocepa, cifukwa ulendo wake ndi wodula kwambiri. Ena amapita ku cilumba ca Snow Hill pa combo coswa madzi oundana, kenaka pa helikoputa. Ena amakwera ndeke ku Cape Town m'dziko la South Africa.

Dziko la Antarctica limayendetsedwa ndi pangano limene maiko 12 anasaina ku Washington pa 1 Disembala 1959. South Africa inali imodzi mwa maikowo. Panganoli limaletsa nchito za nkhondo ndi kuyesa mabomba a nyukiliya, ndipo gawo lina limene linaonjezeredwa ku Madrid mu 1991 limaletsa migodi. Makampani otenga alendo ali ndi bungwe lao la IAATO, limene linakhazikitsidwa mu 1991. Kulingana ndi malamulo amene amatsatira, anthu otsikira pa malo amodzi nthawi imodzi sapitirira 100, ndipo combo conyamula alendo oposa 500 sicitsitsa munthu. Mlendo saloledwa kuyandikira penguin kuposa mamita asanu, kuidyetsa kapena kusiya zinyalala. Nsapato zimatsukidwa potsika ndi pokwera combo kuti matenda ndi mbeu zacilendo zisafalikire.

Malamulowa amateteza mbalame kuti alendo asazisokoneze, koma alibe mphamvu pa kusungunuka kwa madzi oundana. Nkhani imeneyo ili m'manja mwa maiko amene anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti acepetse kutentha kwa dziko. Akatswiri anapeza kuti maikowo akakwaniritsa zimene analonjeza, magulu ambiri a Emperor Penguin adzapulumuka. Pakali pano, caka ciliconse asayansi amapenda zithunzi za setilaiti kuti aone ngati madzi oundana akhala olimba kufikira Disembala, pamene anapiye amakhala okonzeka kulowa m'nyanja.