Miyala, Mabogi ndi Siginala: Ulendo wa Sande Sukulu wa ku Armagh mu 1889

Pafupifupi mnyamata aliyense wa kuno kwathu anapangako galimoto ya waya. Ku Britain ndi ku Ireland kuli anthu, ana ndi akulu omwe, amene masewera ao ndi kumanga njanji yaing'ono patebulo, yofanana ndi ija ya m'masiku a sitima za malasha. Kampani ya Frank Hornby ya ku Liverpool inayamba kugulitsa tisitima totere mu 1920, ndipo mu 1938 inatulutsa tina tating'ono koposa, tocepa ka 76 poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Womanga njanji yotere amathira timiyala pakati pa mitanda ya njanji ndi kutimata ndi guluu wosungunula ndi madzi. Amaimika masiginala, ndiye kuti mitengo ija yokhala ndi mkono wofiira wouza dalaivala kuima kapena kupita. Pomaliza amasankha mabogi, ndiwo ngolo zokweramo anthu, oyenerana ndi zaka zimene afuna kuonetsa.

Akalakwitsa, anzake odziwa amamuuza msanga kuti siginala siingaime pamenepo, kapena kuti bogi la gadi liyenera kukhala kothera kwa sitima. Malamulo amenewa sanayambire patebulo ai. Ndi malamulo a njanji yeniyeni, ndipo ambiri a iwo anakhwima pambuyo pa maliro. Ngozi imene inasintha zinthu koposa inagwera gulu lofanana ndi magulu athu: ana a Sande Sukulu ndi aphunzitsi ao, amene ananyamuka m'mawa kukaceza kunyanja.

Woci m'malo mwa maso

Pamene njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester inatsegulidwa mu 1830, kunalibe masiginala monga tiwadziwira. Kampani inali kuika apolisi ake m'mbali mwa njanji, atagwira mbendera usana ndi nyali usiku. Nchito yao yaikulu inali kuyang'ana woci. Sitima ikadutsa, anali kuwerenga mphindi zingapo, ndipo zikakwana anali kulola ina kutsatira. Coipa ca njira imeneyi ncoonekeratu: woci imanena nthawi cabe, siinena ngati sitima yapita ija yafika kapena yafera panjira kuseri kwa phiri.

Nzeru zothetsera bvutoli zinapezeka msanga. Mu 1839 kampani ya Great Western inali itayamba kale kutumiza mau pawaya wa telegilafu kucokera ku Paddington mu London. Ndi waya wotere njanji ingagawidwe m'zigawo, ndipo wa pa siteshoni ya kutsogolo angaimbe belu kuuza mnzake wa kumbuyo kuti sitima yaturuka m'cigawo, ina ingalowe. Siginala ya mkono inayamba kuoneka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1840. Mu 1856 John Saxby anapanga makina omanga siginala pamodzi ndi zitsulo zopatutsira sitima pamphambano ya njanji, kotero kuti munthu sangaonetse cizindikiro ca kupita pamene njanji yaloza kwina.

Mabuleki naonso anali ndi mbiri yao. Poyamba sitima inali kuimitsidwa ndi buleki ya pamanja, ina ku injini, ina m'bogi la gadi. Pambuyo pake anatulukira paipi yoyenda pansi pa mabogi onse, kuti dalaivala azigwira mabuleki a sitima yonse nthawi imodzi. Koma panali mitundu iwiri. Mu mtundu woyamba, wochipa, injini inali kukoka mpweya m'paipi kuti mabuleki agwire. Paipi ikaduka, mpweya unali kulowa ndipo mabuleki onse anali kumasuka. Mu mtundu waciwiri zinali mosemphana: kukoka mpweya ndiko kunali kumasula mabuleki, cotero paipi ikaduka, bogi lililonse linali kudzigwira lokha. Ku America George Westinghouse anapanga buleki yodzigwira yokha, ya mpweya wopopa, mu 1872.

Akuluakulu a boma oyendera njanji anacenjeza makampani kwa zaka zambiri kuti atenge zinthu zitatuzi. Koma lamulo silinawapatse mphamvu yokakamiza, ndipo makampani ena anali kudandaula za ndalama.

Lacitatu, 12 June 1889

Armagh ndi mzinda wa kumpoto kwa cisumbu ca Ireland, cimene pa nthawiyo conse cinali pansi pa boma la Britain. Sande Sukulu ya mpingo wa Methodist kumeneko inakonza ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Warrenpoint, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 38. Ulendowu sunali wa a Methodist okha. A Katolika, a Presbyterian ndi a Church of Ireland anagula nao matikiti, pakuti kuona nyanja kunali cinthu ca kamodzi pa caka.

Kampani ya Great Northern Railway ya ku Ireland inayembekezera anthu pafupifupi 800, ndipo inatumiza injini yokwanira mabogi 13. Tsikulo kunabwera anthu pafupifupi 940, motero mabogi anawonjezedwa kufika 15. Anali mabogi a matabwa, ogawidwa tizipinda, cipinda ciliconse ndi citseko cake cakumbali, opanda njira yodutsa mkati kucoka bogi lina kupita ku lina. Monga mwa cizolowezi ca maulendo otere, zitseko zinakhomedwa ndi kiyi anthu atalowa.

Dalaivala Thomas McGrath anaona kuti katundu wakula ndipo anapempha injini yaciwiri, pakuti kuturuka mu Armagh njanji inali kukwera citunda ca makilomita pafupifupi 5, ndipo pena inali kukwera mita imodzi pa mamita 75 alionse. Iye anali asanayendetsepo sitima pa njanji imeneyo monga dalaivala. Anakangana ndi mkulu wa siteshoni. Pambuyo pake James Elliott, kalaliki wamkulu wa kampani amene anali kuyang'anira ulendowu, ananena kuti injini ya sitima yotsatira ingawathandize pacitunda, kapena mabogi ena atsale kuti abwere ndi sitima imeneyo. Koma McGrath, atanyozedwa kale, anakana thandizo. Sitima inanyamuka 10:15 m'mawa, Elliott atakwera ku injini.

Injini inalimbana ndi citunda mpaka inatsala mamita pafupifupi 180 kuti ifike pamwamba. Pamenepo mphamvu inatha, ndipo sitima inaima.

Miyala pansi pa mawilo

Panali njira ziwiri. Yoyamba inali kutuma munthu kumbuyo ndi mbendera yofiira, ndi kuyembekeza sitima ya masiku onse imene inali kubwera posacedwa, kuti iwakankhe kufika pamwamba. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yaciwiri inali kudula sitima pawiri, kupereka mabogi 5 a kutsogolo ku siteshoni ya Hamiltonsbawn, ndi kubwerera kudzatenga 10 otsala. Elliott anasankha yaciwiri.

Tsono sitima imeneyi inali ndi buleki ya mtundu woyamba uja. Kudula sitima kunatanthauza kumasula paipi, ndipo kumasula paipi kunatanthauza kuti mabogi 10, odzaza ndi anthu, atsala pacitunda atagwidwa ndi buleki imodzi yokha ya pamanja, ya m'bogi la gadi kothera. Pofuna kuthandizira, antchito a sitima anatola miyala ndi kuika pansi pa mawilo ena.

Miyala ya panjanji ili ndi nchito yake, ndipo ndi nchito yaikulu. Imagwira mitanda kuti njanji isasendere kumbali, imamwaza kulemera kwa sitima kuti nthaka isatitimire, ndipo imalola madzi a mvula kupita pansi kuti mitanda isaole. Ncifukwa cake amasankha miyala yoswa, ya ngodya zakuthwa, imene imalumana yokhayokha, osati yoburungira ya kumtsinje. Koma mphamvu yake ili pa kuculuka. Mwala umodzi pamwamba pa citsulo, pansi pa wilo la citsulo, suli kanthu.

Atamasula ngowe, dalaivala anatsegula nthunzi kuti anyamuke. Injini ya malasha ikamanyamuka pacitunda, kawirikawiri imayamba yabwerera m'mbuyo pang'ono. Inabwereradi, osafika ndi theka la mita lomwe, koma kunali kokwanira. Mabogi a kutsogolo anagunda otsala aja, mawilo anaphwanya miyala, ndipo mabogi 10 anayamba kutsetsereka kubwerera ku Armagh. Anchito anayesa kuwathamangira ndi injini kuti awakolenso, koma analephera. Gadi anayesa kugwira buleki yake, koma mabogi sanaime.

Ku Armagh kunalibe amene anadziwa zimenezi. Njanji imeneyo inali kuyendabe ndi woci. Mphindi zofunika zitakwana, sitima ya masiku onse inaloledwa kunyamuka 10:39. Dalaivala wake, Patrick Murphy, anaona mabogi akubwera, ndipo anagwira mabuleki mpaka liwiro lake linatsika kufika makilomita pafupifupi 8 pa ola. Koma mabogi othawa aja, atayenda makilomita oposa 2, anali pa liwiro la makilomita pafupifupi 65 pa ola. M'kati anthu anaona kuti abwerera m'mbuyo, koma zitseko zinali zokhoma. Akuluakulu ena anaponya ana pa mawindo, ndipo ana ena anapulumuka motero.

Zinaombana pamwamba pa mtumbira wautali mamita oposa 10. Mabogi othera anaphwanyikiratu, matabwa ndi anthu kugwera kumunsi. Anthu 80 anafa, ndipo pafupifupi 260 anapweteka. Pakati pa amene anafa panali ana ambiri. Kufikira lero iyi ndiyo ngozi ya sitima yoipa koposa m'mbiri ya Ireland.

Lamulo la miyezi iwiri ndi theka

Boma linatuma Major General Hutchinson kukafufuza. Iye anapeza zolakwa za anthu: injini ya mphamvu yongokwanira pang'ono pa katunduyo, kudula sitima pacitunda, kusatuma munthu kumbuyo pa nthawi yake. Elliott anazengedwa mlandu wa kupha anthu, koma khoti silinampeze wolakwa. Komabe cimene cinakwiyitsa anthu ambiri cinali cakuti zida zopulumutsira miyoyo imeneyi zinalipo kale pa dziko. Buleki yodzigwira yokha ikanagwira mabogi 10 aja pa mphindi yomwe paipi inamasulidwa. Njira ya zigawo ndi belu ikanasunga sitima ya Murphy pa siteshoni mpaka mau atabwera akuti citunda cayera.

Madzi akatayika saoleka, koma Nyumba ya Malamulo ku London inafulumira kuchinga kuti asatayikenso. Pa 30 August 1889, miyezi iwiri ndi theka cabe kucokera tsiku la ngozi, lamulo latsopano la njanji linakhazikitsidwa. Linapatsa boma mphamvu yokakamiza makampani onyamula anthu pa zinthu zitatu: kugawa njanji m'zigawo kuti sitima ziwiri zisapezeke m'cigawo cimodzi, kumanga masiginala pamodzi ndi zitsulo za pamphambano, ndi kuika buleki yodzigwira yokha pa sitima zonyamula anthu. Zimene makampani ena anazengereza kwa zaka makumi anazicita tsopano cifukwa ca lamulo.

Pansi pa zinthu zitatuzi pali ganizo limodzi: munthu adzalakwa, cingwe cidzaduka, motero makina apangidwe kuti cinthu cikaonongeka, sitima iime. Siginala ya mkono ili ndi citsulo colemera cimene cimabweza mkono ku cizindikiro ca kuima waya ukaduka. Ndiye cifukwa cake womanga njanji ya patebulo amene adziwa mbiri amasiya masiginala ake ali pa kuima, ndi kuwatsegula pokhapo sitima ikafika. Amaika siginala patsogolo pa mphambano, osati kuseri kwake. Ndipo ngati aonetsa zaka za pambuyo pa 1889, bogi lililonse lonyamula anthu liyenera kukhala ndi paipi yake ya buleki kumbali zonse ziwiri.

Ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa mu 1905, ndipo njanji inafika ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, mu 1906. Pa nthawi imeneyo phunziro la ku Armagh linali litalowa kale m'nchito ya akatswiri a njanji a ku Britain, ndipo sitima za Rhodesia Railways zinayenda ndi buleki yokoka mpweya ya mtundu wodzigwira wokha. Mukapita ku Livingstone, lowani ku malo osungirako zakale za njanji, kumene kuli mainjini a malasha ndi mabogi akale. Yang'anani paipi yonenepa yolendewera pafupi ndi ngowe. Tsopano mudziwa nchito yake.

Anzathu a m'magulu a acinyamata, ifenso timakonza maulendo: a kwaya, a misonkhano, a mpira. Tsiku lonyamuka pamabwera anthu oposa amene analembetsa, ndipo kubweza mnzako pakhomo pa basi kumawawa mtima. Dalaivala akanena kuti katundu wakula, pamakhala wina womuseka kuti ndi wamantha. Ku Armagh zinayamba comweco, ndi mabogi awiri owonjezera ndi mau ocepa onyoza pa siteshoni. Mlembi wa gulu amene awerenga mipando asanalandire ndalama, ndi mtsogoleri amene alola kucedwa ola limodzi kuyembekeza galimoto yaciwiri, sadzayamikidwa tsiku limenelo.

Njanji ya pacitunda cija inatsekedwa kalekale. Pa 12 June 2014, patapita zaka 125, anthu a ku Armagh anaimika cikumbutso pa bwalo lochedwa The Mall pakati pa mzinda. Ndi cifanizo ca kamtsikana katanyamula kandowa ndi kafosholo koseweretsa mumcenga wa kunyanja, ndipo pa mwala pali maina a amene anafa.