Tanthauzo la mawu akuti "avereji"

Ophunzira a kusekondale akamayezana msinkhu ndi kulemera kwa thupi pa phunziro la masamu, mawu omwe amamveka kawirikawiri ndi "avereji". Tanthauzo lake ndi losavuta: kuphatikiza manambala onse, kenako kugawa ndi chiwerengero cha anthu omwe ayezedwa. Vuto ndi lakuti ambiri amawamva ngati akunena mmene munthu wabwinobwino ayenera kukhalira. Chisokonezochi nchakale, pakuti Adolphe Quetelet wa ku Belgium, yemwe mu 1835 analemba za "munthu wa avereji", ankamuona munthuyo ngati chitsanzo cha thupi loyenera. Koma tiyerekeze kuti ana asanu akwera pasikelo ndipo alemera makilogalamu 45, 47, 48, 50 ndi 80. Avereji ndi 54, komatu anayi ali pansi pa nambalayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wolemera 54. Nambala ya pakati, 48, ndiyo ikulongosola bwino gululo.

Wina anganene kuti popanda avereji sitingayerekeze sukulu ziwiri, kapena kuzindikira dera lomwe ana akupinimbira. Ndi zoona, ndipo pa magulu akuluakulu ndi yothandiza kwambiri. Komabe mu Fomu 1 mumakhala ana a zaka zosiyana, ena otha msinkhu, ena ayi, ndipo atsikana amayamba kutalika msanga kuposa anyamata. Nchifukwa chake muyezo wa 2007 wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, wa ana a zaka 5 mpaka 19, umamuyerekeza mwana ndi anzake a zaka zofanana, anyamata paokha, atsikana paokha. Mtsikana yemwe sanafike pa avereji ya kalasi yake asayesedwe wodwala kapena wopinimbira pokhapokha atayezedwa ndi muyezo wotere.